Mpanda wa pa Doko la Chikundi

MUTU 6

1. Buku lopanda chikuto

Zena Jaffalie adali mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale ina yogonera konko, kunja pang'ono kwa tauni ya Mangochi. Kwawo kudali ku Chikundi, mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja. Bambo ake ankakoka khoka, mayi ake ankayanika usipa pa thandala.

Anzake pasukulupo adamupatsa dzina loti Chiswe, poti buku likagwa m'manja mwake ankalidya mpaka tsamba lomaliza. Ena akapita kukaonerera mpira, iye ankapezeka mu laibulale, kachipinda kakang'ono kuseri kwa holo. Makiyi a kachipindako ankasunga Mayi Maud Marko, mphunzitsi wa Chingerezi. Iwowa adali mayi wamasiye wochokera ku Malindi, ndipo ankakhala m'nyumba ya aphunzitsi ndi mwana wawo wamng'ono, Celestina.

Chaka chimenecho, 1986, mashelefu a mu laibulale adayamba kuoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Tsiku lina kudabwera amuna ovala majekete ngakhale kunja kudali kotentha. Adalongedza mabuku ena m'katoni n'kupita nawo. Sadanene chifukwa, ndipo palibe adafunsa. Nthawi imeneyo dziko lidali ndi chipani chimodzi, ndipo munthu wofunsafunsa sankakhalitsa pamudzi.

Patapita masiku, Mayi Marko adaitana Zena n'kumupatsa buku lopanda chikuto.

"Dzina lake usandifunse," adatero motsitsa mawu. "Werenga. Ukamaliza ubweze m'manja mwangamu, osati pa shelefu."

Bukulo linkanena za anthu a dziko lina lakutali amene adalandidwa dambo lodyetserako ziweto zawo. Anthuwo sadali Ayao, sadali Anyanja, komabe Zena ankamva ngati akuwadziwa mmodzimmodzi. Pobweza bukulo adati, "Madamu, ine ndikufuna ndidzalembe ngati munthu ameneyu. Ndidzalembe za kwathu."

"Udzalemba," adayankha Mayi Marko. "Koma yamba waphunzira kuona. Chinthu chikachitika, anthu ambiri amangoti chachitika basi. Munthu wowerenga amafunsa kuti wapindula ndani, nanga walira ndani. Mafunso amenewa uziwasunga mumtima. Si onse amene amafunsidwa mokweza."

2. Maliro ku Chikundi

Pa tchuthi Zena adapeza kwawo kutasintha. Doko la mudziwo, malo a mchenga woyera pamene makolo awo ankakochezapo mabwato kuyambira kalekale, lidali litatchingidwa ndi mpanda wa waya waminga. Mpandawo udachokera kumsewu mpaka kukalowa m'madzi. Mkati mwake mudali nyumba yoyera ya mazenera akuluakulu, agalu ndi mlonda. Anthu ankangoti ndi ya bwana wamkulu wa ku Lilongwe. Dzina lake palibe ankalitchula.

Asodzi adasamutsira mabwato awo kutali. Amayi ndi ana adayamba kutunga madzi ndi kutsuka mbale kumabango, kumene madzi ake ndi akuda ndipo pansi sipaoneka.

Kumabangoko ndi kumene ng'ona idagwira Tatu, kamtsikana ka Sitandade 2, mwana wa Amida. Amida adali mng'ono wawo wa mayi ake a Zena. Mwanayo adatumidwa kukatsuka mbale dzuwa lili paliwombo, ali ndi anzake. Anzakewo adangomva kuti phava! Potembenuka adaona mbale zokha zikuyandama.

Asodzi adakamupeza m'mawa mwake. Pamaliro anthu ankapepesa Amida ndi mawu amodzimodzi: "Pepani. Ndi mmene Mulungu analembera."

Zena adawamva mawuwo kambirimbiri. Kenaka adatsamira kwa mayi ake n'kufunsa, "Amayi, kodi mpanda uja analembanso ndi Mulungu?"

Mayi akewo adamutseka pakamwa ndi dzanja, maso akuyang'ana uku ndi uku.

"Iwe, ukufuna tilire maliro awiri?"

3. Cholembera chofiira

Sukulu itatsegulidwa, a hedimasitala, bambo Jailosi, adalengeza kuti kudzakhala tsiku la makolo. Padzakhala nyimbo, ndakatulo ndi sewero la m'Chichewa. Mlendo wolemekezeka adzakhala wapampando wa Chipani m'bomalo.

Zena adalemba sewero lake loyamba. Lidali la mudzi wina wopanda dzina, ndipo mudali mpanda, mlonda, mayi ndi mwana wake. A gulu la zisudzo adalikonda kwambiri. Ruti, mnzake wa pamtima, adatenga gawo la mwana. Willard, mkulu wa mapulifeketi, adapempha yekha kuti akhale mlonda. Gawo la mayi adatenga Zena mwini wake.

Koma lamulo lidali lakuti sewero lililonse liyambe lawerengedwa ndi a hedimasitala. Atawerenga, adamuitanitsa Zena ku ofesi.

"Khala pansi, Jaffalie," adatero bambo Jailosi atatseka chitseko. "Umadziwa kulemba, zimenezo sindikubisira. Ndaphunzitsa zaka zambiri, koma sindinaonepo mwana wa Fomu 3 wolemba chonchi. N'chifukwa chake ndikuopa."

Adatsegula tsamba lomaliza. Mawu onse amene mayi wa m'seweromo ankanena mwana wake atafa adali atadulidwa ndi cholembera chofiira.

"Tamvera, mwana wanga. Sukulu ino ili ndi ana ambiri. Aliyense anatumizidwa kuno ndi makolo amene anadzimana, ena anagulitsa mbuzi, ena ukonde. Tsiku limenelo mu holo mudzakhala makutu amene sabwera kudzasangalala. Amabwera kudzatola mawu. Iwe ukati mpanda, iwo adzamva kuti boma. Ukati ng'ona, sindifuna n'komwe kuganiza chimene adzamve. Akamva choncho sadzafunsa kuti wolembayo ali ndi zaka zingati. Sukulu ikhoza kutsekedwa, aphunzitsi kubalalitsidwa, ndipo iwe zotsatira za mayeso a Fomu 4 udzangomva za anzako pa wailesi. Mpandawo ukhalemo, koma mlonda anene kuti ndi chitukuko. Ndipo mayi uja asafunse mafunso. Anene zimene ndalemba m'munsimu. Mukatero mutseke ndi nyimbo yothokoza."

Zena adawerenga. Bambo Jailosi adali atalemba kuti: "Mwana wanga wafa chifukwa cha kusamvera. Ana inu, muzimvera akuluakulu."

"Koma aphunzitsi, mwanayo anamvera," adatero Zena. "Anachita kutumidwa."

"M'sewero ili sanatumidwe. Pita."

Zena adathamangira ku laibulale poganiza kuti Mayi Marko akamuikira kumbuyo. Mayiwo adawerenga mawu ofiirawo n'kumubwezera sewerolo.

"Zimene alembazi ndi zabodza, ndipo eni akewo akudziwa," adatero. "Komabe uchite zimene anena. Ndinakupatsa mabuku kuti maso ako atseguke, osati kuti udziponye pamoto. Wolemba ayenera kukhala ndi moyo kuti adzalembe lachiwiri. Undilonjeze, Zena."

Zena adalonjeza.

Potuluka adapeza Willard atawerama pafupi ndi zenera la laibulale. Ankamanga chingwe cha nsapato chimene sichidamasuke.

4. Pa khonde la telala

Loweruka ana asukulu ankaloledwa kupita ku tauni. Zena adapita kwa Che Bakali, mlongo wawo wa mayi ake. Iye ankawatcha amjomba, monga amachitira Ayao potchula malume. Che Bakali adali telala, ndipo makina awo osokera ankakhala pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Zala ziwiri za dzanja lawo lamanja sizinkapindika.

Atapatsana moni, Zena adatulutsa nsalu yakale ya khaki.

"Amjomba, mundisokere malaya a mlonda. Tili ndi sewero kusukulu, ndalemba ndine."

"Eee, Chiswe wayamba kulavula zimene anadya," adaseka Che Bakali. "Ndi sewero la chiyani?"

Zena adafotokoza zonse, za mpanda, za mbale zoyandama ndi za cholembera chofiira. Pamene ankamaliza, kuseka kudali kutatha pankhope pa amjomba ake. Adamukodola kuti asendere pafupi. Kenaka adayamba kupalasa makina opanda nsalu, kuti phokoso liphimbe mawu awo.

"Mwanangu, zala izi ukuziona? Amayi ako anakuuza kuti ndinapweteka ndi injini ya boti. Anatero poti unali mwana. Lero wakula, ndiye imva. Chiswe woyamba m'banja mwathu ndinali ine. Ndinafika Sitandade 8 nthawi imene ana ambiri a Chisilamu sankaponda pasukulu ya mishoni. Pamudzi munthu akapeza nyuzipepala, ngakhale yokulungira sopo, ankabwera nayo kwa ine. Ndinkawerenga pansi pa mtengo wa mango n'kumawamasulira m'Chiyao. Basi. Mfuti sindinaigwirepo, kuthengo sindinapiteko. Koma zitachitika zija za mu 1965, pamene anthu ena a kuno anaukira boma, tonse a ku Mangochi tinasanduka okayikitsa. Wina anakanena kuti Bakali amasonkhanitsa anthu. Anandibwerera Lachisanu, ndikutuluka mu mzikiti. Nsapato zanga zinatsala pakhomo pomwepo."

Mayi wina adaima kudzafunsa za diresi lake. Che Bakali adamuyankha mwansangala kuti abwere mawa. Mayiyo atapita, makina adayambanso kulira.

"Kumene ananditengerako kunalibe khoti, kunalibe woweruza. Funso linali limodzi tsiku ndi tsiku: unali ndi yani? Sankafuna ine ndekha, ankafuna mayina. Pamene ndinkabwerako, mkazi wanga anali atakwatiwa kwina ndipo agogo ako anali kumanda. Anthu amene ankakhala pansi pa mango kumandimvetsera aja ankati akandiona, amawoloka msewu. Sindiwada. Anali ndi ana.

"Tatu ndi mwana wanganso. Ndinamunyamula ndi manja angawa kupita naye kumanda. Ukuganiza kuti sindidziwa chimene chinamupha? Mudzi wonse ukudziwa. Koma kudziwa ndi kwina, kunena ndi kwina. Ukanena, mpanda uja sugwa. Waya samva Chichewa. Chimene chidzagwe ndi denga la nyumba ya bambo ako. M'mabuku ako munthu wolimba mtima amalankhula, anthu n'kumuombera m'manja, buku n'kutha. Kuno buku silitha. Kumacha m'mawa, ndipo m'mawamo ndi mmene amabwera."

"Ndiye tizingokhala chete mpaka liti, amjomba?" adafunsa Zena.

"Funso limenelo ndinalifunsanso ine ndili mnyamata." Che Bakali adakweza dzanja lawo lamanja. "Yankho lake ndi ili. Malaya ndisoka. Koma mawu ofiirawo ukanene monga alembera. Umeze, ngakhale akuwawa ngati kwinini."

Zena adatsanzika ali wera. Pachipata cha msika padali anyamata a Chipani ovala malaya ofiira, akuona ngati anthu olowa ali ndi makhadi a Chipani. Mmodzi wa iwo adasiya kuyang'ana khadi limene lidali m'manja mwake, n'kumuperekeza Zena ndi maso mpaka adakhota.

5. Tsiku la makolo

Tsikulo lidafika Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Makolo adabwera pa njinga ndi pa malole, ena kuchokera ku Namwera, ena ku Chiponde, ena ku Chembe. Holo idadzaza mpaka ena adaima m'mazenera.

Wapampando wa Chipani adakhala kutsogolo pa sofa yochita kunyamula kunyumba kwa a hedimasitala. Anyamata a malaya ofiira adaima m'mbali mwa makoma. Kumbuyo kwa sofayo kudakhala bambo wina woonda, wa jekete lotuwa. Kwaya itaimba, iye sadaombe m'manja. Ndakatulo zitalakatulidwa, sadaombenso.

Zena adasuzumira kuseri kwa katani kufunafuna mayi ake. Adawaona atakhala pa mkeka kutsogolo kwenikweni pamodzi ndi amayi ena. Pambali pawo padali Amida, atafunda mpango wakuda, masaya atalowa. Zena sadadziwe kuti nawonso abwera. Mayi ake adawatenga kuti akaoneko anthu, mwina mtima n'kupepukako.

Sewero lidayamba. Mpanda udali wa nsungwi ndi zingwe. Willard adayenda uku ndi uku ndi chibonga, atavala malaya a khaki aja.

"Chokani pano!" adakuwa. "Simukuona kuti ichi ndi chitukuko?"

Wapampando adagwedeza mutu mokondwa.

Ruti adatulukira atasenza mbale, akuimba kanyimbo ka ana. Adalowa kuseri kwa chitenje chobiriwira chimene atsikana awiri ankachigwedeza ngati madzi. Ng'oma idalira kamodzi. Nyimbo idaduka. Mbale zidamwazika pa pulatifomu, ndipo imodzi idagubuduka mpaka kukagwera pansi, pafupi ndi mkeka wa amayi.

Amida adaitola mbaleyo n'kuikumbatira pachifuwa.

Zena adalowa atamanga chitenje m'chiuno ngati mayi wapamudzi. Adagwada pafupi ndi madzi aja. Mawu ofiira adali atawaloweza bwinobwino.

"Mwana wanga wafa..." adayamba.

Adakweza maso. Amida ankamuyang'ana, mbale ili pachifuwa, kudikira kuti amve chimene chidapha mwana.

Kumbali kwa katani Mayi Marko adanong'ona pomukumbutsa, "Chifukwa cha kusamvera."

Zena sadapitirize. Mayi Marko adanong'onanso kachiwiri. Pamenepo Zena adaimirira, n'kutembenukira kwa anthu.

"Mwana wanga anamvera," adatero, mawu ake akumveka mpaka kumazenera. "Ndinamutuma ndine, ndipo anapita akuimba. Kale tinkatsuka mbale pamchenga woyera, pamene ngakhale singano itagwera m'madzi umaiona. Ng'ona sinabwere kumudzi kwathu. Ndife tinapita kwawo kwa ng'ona. Anatipititsako ndani? Mlonda iwe, bwana wako amabwera mwa apo ndi apo kudzasambira. Ife timamwa tsiku lililonse. Nyanjayi anaigula kwa yani? Ndiuzeni, anthu inu, ndiimbe mlandu ndani, ng'ona kapena waya?"

Willard adaponya chibonga pansi.

"Zimenezo mulibe m'sewero!" adakuwa akuyang'ana kwa wapampando. Adatsika pa pulatifomu msangamsanga n'kukaima pakhoma.

Pamenepo Amida adalira. Sikudali kulira kwa m'sewero, kudali kulira kwa pamaliro. Amayi ena a m'mbali mwa nyanja adalandira kulirako, poti nawonso kwawo kudali mipanda. Kumbuyo nkhalamba ina idati, "Eee, mwanayu!" Mnzake adaikoka malaya kuti ikhale chete.

Bambo Jailosi adadzambatuka n'kuyambitsa okha nyimbo yothokoza. Kwaya idalowa mochedwa, ena kutsogolo ena pambuyo.

Nyimbo itatha, wapampando adaimirira. Ankamwetulira. Adaomba m'manja pang'onopang'ono, ndipo anyamata a malaya ofiira adamutsatira.

"Makolo anzanga," adayamba, "ana a masiku ano ndi anzeru. Ife pa msinkhu umenewu tinkangodziwa kuwedza kambuzi. Tiyenera kunyadira. Koma ine ndine kholo, ndipo kholo limadziwa chinthu chimodzi. Mwana sabadwa ndi mano. Mwana akayamba kuluma, sitimenya mwanayo ayi. Timafunsa kuti kodi akumudyetsa nyama ndani. Dziko lino laima pa umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Alipo ena amene timawapatsa choko kuti aphunzitse ana athu, iwo n'kumawanola mano. Amenewo tidzacheza nawo. Bwera kuno, mtsikana."

Zena adatsika n'kugwada. Wapampando adamugwira dzanja, osalisiya msanga.

"Dzina lako?"

"Zena Jaffalie."

"Kwanu?"

"Ku Chikundi."

"Ku Chikundi," adabwereza wapampando, akucheukira kwa bambo wa jekete lotuwa uja.

Anthu adatuluka mwakachetechete, aliyense akufulumira kukapeza njinga yake. Panja Amida adamukumbatira Zena.

"Anthu akhala akunong'ona kuti ndinamupha ndine pomutuma kumabango," adatero akusisima. "Inenso ndinayamba kukhulupirira. Lero wandichotsa mwala pamtima."

Koma mayi ake a Zena adangomukonza kolala ya bulauzi n'kuwakoka Amida kuti azipita.

Zena adabwerera mu holo. Adapeza Mayi Marko ali okha, akutola mbale pa pulatifomu.

"Unalonjeza," adatero mayiwo osamuyang'ana.

"Pepani, Madamu. Mayi ake a mwanayo anali pomwepo. Sindikanatha."

"Ndinawaona." Mayi Marko adasanja mbalezo pamodzi. "Unalankhula bwino, Zena. Sindinamvepo wophunzira wanga aliyense akulankhula choncho. Tsopano pita ku hositelo. Usabwere ku laibulale, usabwerenso kunyumba kwanga. Wina akakufunsa za ine, unene kuti ndimakuphunzitsa Chingerezi basi."

6. Lolemba m'mawa

Phunziro loyamba Lolemba lidali Chingerezi. Belu lidalira, ana adakhala pansi, koma mphunzitsi sadabwere. M'kalasi mudalibe phokoso monga zimakhalira mphunzitsi akachedwa. Aliyense adangoyang'ana pa desiki pake.

Ruti adasendera kwa Zena.

"Dzulo masana kunabwera galimoto yopanda nambala," adanong'ona. "Anawapeza Mayi Marko akuchokera kutchalitchi. Sanawalole ngakhale kusintha zovala."

Zena adayang'ana pazenera. Nyumba ya Mayi Marko inkaonekera patali, chitseko chili pululu. Mabuku adali mbwee pabwalo, mphepo ikutembenuza masamba ake. Celestina adakhala pa khonde la nyumba yoyandikana nayo, atavala yunifolomu, chikwama chili pamiyendo. Aphunzitsi ankadutsa ndi njira ina yozungulira.

Willard adaima pakhomo la kalasi. Sadamuyang'ane Zena kumaso.

"Jaffalie, akukufuna ku ofesi."

Kutsogolo kwa ofesi kudaima galimoto yotuwa ndi fumbi, dalaivala ali momwemo. Zena adagogoda n'kulowa. Bambo Jailosi adali ataima pafupi ndi zenera ngati mlendo. Pampando wawo padakhala bambo wa jekete lotuwa.

"Khala, mwana wanga, usaope," adatero bamboyo mofatsa. "Wadya kale? A hedimasitala, ana amenewa mumawadyetsa bwino?"

Bambo Jailosi adangogwedeza mutu.

"Ine ndilinso ndi mwana wamkazi wa msinkhu wako," adapitiriza bamboyo. "Ndiye ndimadziwa kuti mwana wa Fomu 3 sangalembe mawu ngati aja. Ndipo aphunzitsi ako atithandiza kale. Avomera okha, popanda wowakakamiza. Akuti mawu onse aja analemba ndi iwo, iwe anangokuuza kuti uloweze. Akuti iwe sudziwa kanthu."

Zena adatsegula pakamwa, koma bamboyo adakweza chala.

"Usafulumire. Mawu akatuluka sabwerera, zimenezo waziona Loweruka. Tamvera kaye. Ife tikungofuna kuti utsimikize zimene anena aphunzitsi akozo, ndi dzanja lako. Ukatero ubwerera m'kalasi pompano. Chaka chamawa ulemba mayeso, mwina upita ku yunivesite, makolo ako anyadira. Nkhani yathera pomwepo. Koma ukanena kuti unalemba ndiwe, ndiye kuti aphunzitsi ako atinamiza, ndipo kunamiza boma ndi mlandu winanso. Pamenepo tiyenera kudziwa kumene nzeru zimenezi unazitenga. Tipita ku Chikundi kukafunsa bambo ako. Tifikanso pa khonde lina pafupi ndi msika. Telala wake timamudziwa kalekale."

Bambo Jailosi adatembenukira kuzenera.

Bambo wa jekete adatulutsa pepala loyera n'kulikankhira kutsogolo kwa Zena. Adavundukula cholembera chake, n'kuchiika pamwamba pa pepalalo mosamala.

"Aliyense pasukulu pano akuti umadziwa kulemba," adatero. "Tiye, tione."

Panja dalaivala adaliza injini.